Uwauze Agogo Ako

Chitenje chinamasuka ndili kuseri kwa kalasi ya Sitandade 3. Ndinamugwira mwendo umodzi mwanayo asanafike pansi. Iweyo Lusungu, amene lero umavala nsapato zazitali nkumayenda ngati kakowa, unalendewera m'dzanja langa mutu uli pansi ngati kampango wongowedzedwa kumene. Unakuwa. Ana a sukulu anadzaza pazenera. Wina anati, "Amadamu, agogo aja agwetsa mwana."

Sindinagwetse. Zimenezo muzidziwe, adzukulu anga nonse atatu.

Amayi anu anatuluka choko chili m'manja. Anaima patali, anagwada, maso pansi. Ine sanandiyang'ane. Anayankhula kwa iwe, khanda la miyezi isanu.

"Lusungu, uwauze agogo ako kuti mfundo ya chitenje amamanga pachifuwa, osati pamimba."

Ndinayang'ana mtengo wa mbawa umene unali pafupi.

"Lusungu, uwauze amayi ako kuti ndamva."

Tinkayankhulana motero. Zaka ziwiri ndi miyezi.

Mwandivutitsa kuti ndilembe mbiri yanga, mpaka kundigulira kope. Mumayesa ndilemba za namondwe, za ng'ona, za maulendo. Ku Joni sindinapiteko. Ng'ona ndinaiona kawiri, ndipo kawiri konseko ndinathawa. Ntchito yaikulu imene ndinagwira pa moyo wanga ndi kulera mwana, ndipo sindinkaidziwa. Ndikulemba m'Chichewa poti Chitonga inu mumachiwerenga ngati mukutafuna mchenga. Amayi anu asalione kopeli. Angalichonge.

Amayi anuwo anachokera ku Dedza. Boma linawatumiza kuno kudzaphunzitsa. Bambo anu anawaona pa siteji ya Kande akulimbana ndi kondakitala, anawanyamulira chikwama, basi nkhani nkutha. Agogo anu aakazi anamwalira chaka chomwecho cha ukwati. Iwe Lusungu utakwanitsa miyezi itatu, bambo ako anakwera basi ya ku Joni. Anati akakhala miyezi isanu ndi umodzi. Amuna a kuno takhala tikunena mawu amenewo kuyambira nthawi ya agogo anga. Miyezi ya ku Joni ndi yaitali.

Tinatsala atatu pabwalo. Ine m'nyumba yakumunsi, amayi anu ndi khanda m'nyumba yakumtunda. Pakati pathu panali mtengo wa mango ndi mwambo.

Inu simungamvetse. Masiku ano mkazi wa mwana wako amalowa m'nyumba mwako atavala thalauza nkukufunsa ngati uli ndi chaja ya foni. Ife tinakula mwina. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sumuyang'ana kumaso, sumutchula dzina, sudya naye. Mukakumana panjira yopapatiza, mmodzi amapatukira m'chinangwa. Kwawo ku Dedza mwambowo ulikonso, ndipo amayi anu anachita kuunyamula wonse osasiyako ngakhale chidutswa. Tinakumana anthu awiri ouma mitu. Agogo anu aakazi akanakhalapo, mawu onse akanadzera mwa iwo. Panalibe. Mawu anasowa njira.

Tchuthi cha uchembere chitatha, amayi anu ankapita nawe kusukulu. Ankakugoneka pamphasa pakona, pansi pa bolodi. Ahedi anatsinzina masabata angapo. Kenaka kunabwera akuluakulu oyendera sukulu, nkupeza thewera litayanikidwa pazenera la kalasi. Zinathera pomwepo. Mayi wina woyandikana nafe anakusungako masiku ochepa, koma mpunga unacha ku Limphasa, nayenso nkupita kukadula.

Tsiku lina m'mawa ndinali pansi pa mango ndikusoka ukonde. Belu loyamba linali litalira. Amayi anu anatuluka, makope kukhwapa, iwe pamkono. Anafika panjira, anabwerera. Anafikanso panjira, anabwereranso. Kachitatu anangoima pakati pa bwalo.

Ndinayankhula kwa iwe, maso ali pa ukonde.

"Iwe mwana, ukuchedwetsa sukulu ya boma. Bwera ukhale pano."

Ndinamva mphasa ikuyalidwa kumbuyo kwanga.

"Lusungu, uwathokoze agogo ako. Belu la buleki likalira, uwapemphe akuperekeze udzayamwe."

Anathamanga. Ndinatembenuka. Unandiyang'ana, ine ndinakuyang'ana. Ana anga asanu sindinanyamulepo ndi mmodzi yemwe asanayambe kuyenda. Unaona kuti wasiyidwa ndi mbuli, ndipo unalira mpaka belu.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4. Chaka chimenecho usipa unabwera wambiri, ndipo bambo anga anati zilembo sizithawa koma usipa umathawa. Tinkalemba pamchenga ndi chala, olemera ankalemba pasileti. Aphunzitsi athu anali amuna okhaokha, a jekete ndi ndodo. Sindinaganizepo kuti mphunzitsi amachapa matewera. Ndinkayesa amangotuluka m'kabati m'mawa ali wositasita kale.

Ndinadzionera pabwalo langa lomwe. Tambala woyamba, amayi anu ali kumjigo. Kubwera uko kuchapa, kusesa, kuphika phala, kusita diresi ndi simbi ya makala, iwe uli kumsana. Kusukulu ana odzaza mpaka pakhomo, ena opanda pensulo, ena ongobwera kudzagona. Pa buleki anzawo akumwa tiyi, iwo ali kuseri kwa kalasi akukuyamwitsa chiimire, fumbi la choko lili m'nsidze. Masana pakhonde, mulu wa makope mbali iyi, iwe pabere, cholembera chofiira chili pakamwa. Tsiku lina unasanzira kope la mwana wa m'busa. Analipukuta, analiyanika pamwala, anapitiriza kuchonga. Ine amene ndinkakoka ukonde wa chilimira mpaka manja kusupuka, ndinkakhala nawe maola atatu okha nkumva ngati andimenya ndi nkhafi.

Kudoko anzanga anapeza chakudya. Yotamu, amene tinkapalasa naye bwato limodzi kuyambira unyamata, ndiye ankatsogolera.

"Eee, abwera a NyaChirwa. Chitenje chatsopano, amama?"

Dzina langa la Chirwa anali atalisandutsa la mzimayi.

"Ada, tiuzeni zoona. Mkaka wayamba kutuluka?"

"Ukatuluka ndidzakuyamwitsa iwe poyamba. Mano ulibe kale."

Ndi tsiku lokhalo limene ndinamupambana. Masiku ena onse ankapambana ndi iye.

Pogona pako ndinakonza ndekha. Panali bwato langa lakale, losemedwa ku mtengo umodzi, lija tinaligwetsa kuphiri ndi kulikoka masiku awiri amuna a mudzi wonse akuimba. Masiku ano mumakhoma matabwa, kuika injini, nkumati ndinu asodzi. Bwatolo linali litaola kumbuyo. Ndinadula mutu wake, ndinayalamo thumba ndi nsalu. Ndikaligwedeza ndi phazi unkagona, manja anga nkumasoka ukonde. Ndinadziona wanzeru kuposa azimayi onse a ku Tukombo. Madzulo ndinamva mawu kuchokera pakhonde lakumtunda.

"Lusungu, uwafunse agogo ako ngati anatsukamo. Amphaka akukutsatira."

Ndinatsukamo mawa lake.

Nyengo ya mwera inali yabwino kwa ine. Nyanja ikakwiya palibe amene amapita pamadzi, choncho palibe amene ankati Chirwa wasiya nsomba chifukwa cha khanda. Koma mweranso ndi umene unabweretsa tsiku la sikelo pamene amayi anu anali ndi mayeso. Uthenga unadzera mwa iwe monga mwa masiku onse: kabuku kali pampando, uvale chipewa, agogo ako asaiwale thewera lapadera.

Ndinapeza azimayi okhaokha atakhala pansi pa mtengo, sikelo italendewera panthambi. Ndinakhala kumapeto, pamuzu. Mlangizi wa zaumoyo anali kamnyamata kobadwa dzulo. Anati tisanayambe tiimbe. Nyimbo yake inali yolangiza za kulera, kuti tisabereke pafupipafupi. Azimayi ankaomba m'manja akundiyang'ana ine.

"Agogo kumbuyoko, sitikukumvani," anatero mlangizi.

"Ine ndinamaliza."

"Kuimba kapena kubereka?"

Azimayi anagwa chagada. Mkulu wa mpingo ine, wa zaka zanga, ndinaomba m'manja mpaka nyimbo kutha. Koma atakupachika pasikelo, mzere wa m'kabuku unakwera. Mlangizi anati mwanayu akusamalidwa bwino. Ndinabwerera kabuku kali m'thumba la malaya, ndikuyenda ngati ndine ndakhoza mayeso. Ndinakaika pampando potsegula, kuti aone okha.

Mvula itayamba, nkhungu, tintchentche todyedwa tija, zinadzuka panyanja ngati utsi. Inu mumazinyoza, mumafuna masikono a m'pepala. Ife tinkazikola ndi dengu lonyowa, kuziumba, kuzikulunga m'masamba, kuziphika nkuziyanika. Chakudya chimenecho chinalera amuna opalasa kuchoka kuno mpaka ku Usisya osapuma. Iwe unali utapitirira chaka. Ndinakunyemera pang'ono. Unadya, unatambasulanso dzanja. Sindinauze munthu. Thewera ndi limene linandiulula.

"Lusungu, uwauze agogo ako kuti kwathu tizilombo touluka timatipirikitsa, sitidyetsa ana."

"Lusungu, uwafunse amayi ako ngati ngumbi zimayenda pansi."

Ndinawonjezera pomwepo.

"Uwafunsenso za mbewa."

Ndinamva kaphokoso. Ndinaba kuyang'ana. Anali atatseka pakamwa ndi kope, mapewa akugwedezeka. Kanali koyamba kuwamva akuseka chichokere bambo anu. Ndinalowa m'nyumba msangamsanga, poopa kuti nanenso andiona mano.

Za bambo anu sindilemba zambiri. Foni inkalira sabata iliyonse, kenaka mwezi uliwonse, kenaka nambala inasiya kugwira. Anabwera patapita zaka zinayi ndi chikwama chimodzi. Inu awiri, Wanangwa ndi Tamanda, ndinu a pambuyo pake. Zotsalazo mukamufunse yekha, ali ndi pakamwa. Chimene ndikufuna mudziwe nchakuti anatsala pang'ono kupeza nyumba yakumtunda ili yotseka.

Chilimwe cha chaka chachitatu kunabwera amalume a amayi anu. Munthu wamtali, woyankhula bwino, wa chipewa cha nthenga. Tinamupatsa kondowole, nsima yathu ya chinangwa. Anameza mbamu imodzi, maso anatuluka, anapempha madzi. Anati nsima yathu imagwira pakhosi ngati ili ndi mlandu nawe. Atatha kumwa anakhala bwino pampando.

"Achimwene, ine ndabwera ndi mtendere. Mwana wathu mwamusunga, sitikudandaula. Koma mwamuna wake ali kuti?"

"Ku Joni."

"Joni ndi dziko lalikulu. Mbali iti?"

Sindinkadziwa.

"Mwaona. Ife kwathu mwana wamkazi ali ndi pake. Munda wa amayi ake ukumudikira. Sukulu ziliko. Azakhali ake a mwanayu aliko, omulera. Kuno ali ndi chiyani? Ufa amagula pamsika ngati mlendo. Alibe ngakhale potema khasu. Akhala mpaka liti ngati mbuzi yomangidwa m'munda wa eni?"

Munthu wanzeru akanayankha. Mawu analipo, ndinkawamva m'mimba. Chimene chinatuluka ndi ichi:

"Ndamva."

Anadikira. Ndinamuyang'ana. Anavala chipewa chake, mawa lake anakwera minibasi. Ine ndinati nkhani yatha, poti palibe amene anaitchulanso. Umo ndi mmene ndinkaganizira nthawi imeneyo: chimene sichinenedwa kulibe.

Koma iwe unali utayamba kuyankhula. Zaka ziwiri takhala tikukutuma mawu iwe osatumika. Tsopano unayamba kunyamula ngakhale amene sanakutume. Tsiku lina ndikukusenderera mango, unandigwira ndevu.

"Agogo, ife tipita ku Dedza."

"Ndani wanena?"

"Amama. Alemba kalata. Sukulu ikatseka tikwera basi."

"Nanga ine?"

"Inu mutsala. Ndinu okalamba."

Unatenga mango ako nkupita kukathamangitsa nkhuku.

Masiku atatu sindinatume uthenga uliwonse. Ndinkakulandira m'mawa, kukubweza masana, ngati katundu wa pasitolo. Ndinakwiyira amalume aja, ndinakwiyira bambo anu, ndinakwiyira Dedza yense ndi mbatata zake. Tsiku lachinayi mkwiyo unasowa kolowera, unabwerera kwa mwini wake. Mkulu uja sananame. Munda wa agogo anu aakazi unali pomwepo kuseri kwa chulu, utamera tchire chimwalirire iwo. Dziwe lawo loviikamo chinangwa linali litakwiririka ndi matope. Kuno mkazi aliyense ali ndi munda wake ndi dziwe lake, ndi zimene zimasonyeza kuti ndi wa pamudzi. Amayi anu ankadutsa pamenepo tsiku lililonse ndi kathumba ka ufa wogula. Iwo sakanapempha. Ine sindinapereke, poti kupereka kumafuna pakamwa.

Ndinanola chikwanje. Sabata yonse masana, amayi anu akaweruka, ndinkapita kukalambula. Ndinafukula dziwe mpaka madzi anabwerera. Yotamu anadutsa, anaima.

"Ada, mukufuna kukwatiranso?"

"Pita."

Ndinakonzanso mawu. Ndinkawanena ndikutema tchire, kuwabwereza, kuchotsa ena. Anali mawu abwino, oyambira pa makolo, odzera pa Rute wa m'Baibulo. Ndinawayeserera pa iwe kawiri. Unagona kawiri konse.

Loweruka m'mawa, sabata imodzi sukulu isanatseke, ndinaima pansi pa mango khasu lili paphewa.

"Lusungu, uwauze amayi ako anditsate."

Tinayenda mondondozana. Ine patsogolo, iwe pakati, iwo kumbuyo kutali. Titafika ndinaima pachulu. Iwo anagwada m'mphepete mwa munda, ayang'ana kumbali. Ndinatsokomola.

"Lusungu, uwauze amayi ako kuti kalekale makolo athu..."

"Ayi," unatero.

"Uwauze kuti..."

"Auzeni nokha. Si awo ali apowo?"

Unaona chiwala, unachithamangira mpaka kumtsinje. Tinatsala awiri.

Ndinayang'ana chulu. Chulu sichikanatumika. Ndinayang'ana khasu. Makolo anathawa m'mutu, Rute anathawa. Ndinamva thukuta likutsika kumsana. Ndakumanapo ndi mwera pakati pa nyanja bwato likulowa madzi, koma sindinaope chotero.

"Mayi," ndinatero.

Anadzidzimuka ngati ndawaponyera mwala.

"Munda uwu unali wa apongozi anu aakazi. Kuyambira pachulu pano mpaka pamtsinje. Ndi dziwe lija. Ndi wanu. Osati wa mwana wanga. Wanu. Abwere, asabwere."

Ndinatsitsa khasu, ndinapitiriza.

"Mwana ndi wanu. Mukafuna kupita naye, sindimanga munthu."

Mawu otsalawo anatuluka ngati munga wa nsomba.

"Koma musapite."

Kumtsinje iwe unkakalipira chiwala. Kenaka amayi anu anadzutsa mutu. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo yonse. Ndinadabwa kuti anali mwana ndithu, wamng'ono kuposa mwana wanga wotsiriza, ndi maso otopa.

"Bambo, ine ndimayesa timakulemetsani."

"Mumandilemetsa. Nonse awiri."

"Amalume atafunsa, munangoti mwamva."

"Ndinamvadi."

Anaseka, koma misozi inali ikutsika. Anaipukuta ndi nsonga ya chitenje. Anatola dothi pang'ono, analifikisa m'zala, monga amachitira anthu a kumtunda akafuna kudziwa nthaka.

"Kwathu timadziwa chimanga. Chinangwa chanuchi chimatenga nthawi yaitali bwanji kuti munthu akumbe?"

"Chowawachi, chaka ndi theka."

"Chaka ndi theka," anabwereza. Anayang'ana munda wonse, kuchokera pachulu mpaka kumtsinje. Anayang'ana kumene unali iwe. "Kuviika sindidziwa. Kuunda mitumbira yake sindidziwa. Ndipo mpata ndili nawo Loweruka lokha, pakati pa sabata ndili ndi ana a eni."

Anatembenukira kwa ine.

"Ndiye tibzala liti, bambo?"

Yankho ndinali nalo, losavuta, mwana aliyense wa kuno amalidziwa. Ndinatsegula pakamwa. Koma m'maso munayamba kuchita zinthu zosayenera mkulu wa mpingo pamaso pa mkamwana wake. Iwo anali chigwadire, akudikira.

Ndinanyamula khasu, ndinatembenuka, ndinalowa njira ya kudoko.